Kuyeza akalozera ndi kutseka njira za madzi m'munda wa pamalo otsetsereka

Alimi ambiri a m'madera a mapiri monga Ntcheu, Dedza, Neno, Chiradzulu ndi Thyolo anaungapo kale akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa phiri pa msinkhu umodzi, koma pofika mwezi wa Januwale amapeza mizere itadukaduka, feteleza atapita ndi madzi, ndipo pakati pa munda patayamba kachigwembe kamene kunalibe chaka chathacho. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti mzere unayezedwa ndi maso, kapena ntchito inayambira pakati pa munda pomwe madzi akuchokera kumtunda. Kafukufuku amene bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi (FAO) linachita pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya nthaka yokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pachaka, omwe ndi ofanana ndi matumba 580 olemera makilogalamu 50, ndipo nthaka imene imayamba kuchoka ndi ya pamwamba yomwe ili ndi chonde. Malangizo awa akulongosola ntchito yonse motsatana, kuyambira pa kukonza chida choyezera mpaka pa kutseka chigwembe.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Pa chida choyezera, chimene alangizi a zaulimi amachitchula kuti A-frame chifukwa chimaoneka ngati chilembo cha A, mufunika mitengo iwiri yowongoka ndiponso youma yotalika mamita awiri ndi theka uliwonse, mtengo wachitatu wotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, misomali itatu kapena luzi lolimba, chingwe chopyapyala cha mamita awiri, ndi mwala wolemera ngati chibakera cha munthu wamkulu. Nsungwi zouma zimachita bwino chifukwa ndi zopepuka. Mitengo yaiwisi musaigwiritse ntchito, popeza imapindika pamene ikuuma ndipo chidacho chimayamba kunama.

Pa ntchito ya m'munda mufunika zikhomo zosongola zotalika ngati mkono, zosachepera 50 pa mamita 100 alionse a mzere, komanso makasu, chikwanje, mpeni, ndi tepi yoyezera kapena ndodo imene mwaidula kuti ikwane mita imodzi. Mbewu ya udzu wa vetiva idzafunika mvula ikagwa, koma muyenera kudziwiratu kumene mukaipeze. Anthu akhale atatu: wina wonyamula chida, wina woyang'ana chingwe, wina wokhoma zikhomo.

Nthawi yabwino yoyezera ndi kuunga akalozera ndi kuyambira Meyi mpaka Julaye, mutangokolola, nthaka isanaumitsitse. Wodikira Okutobala amakumana ndi nthaka yolimba ngati mwala, dzuwa lotentha, ndi ntchito ya kusosa imene imamuthamangitsa.

Kukonza chida ndi kuchiyesa

1. Gonekani mitengo iwiri yaitali pansi, muidule kuti ifanane kutalika kwake ndendende, kenako muilumikize kumutu ndi msomali umodzi. Tambasulani miyendo mpaka pakati pa nsonga zake zapansi pakwane mamita awiri, ndipo khomerani mtengo wachitatu mopingasa chapakatikati, pa msinkhu wofanana mbali zonse ziwiri. Ngati mwamanga ndi luzi, limbitsani kwambiri, chifukwa chida chogwedera sichiyeza kanthu.

2. Mangirirani chingwe pa msomali wakumutu, ndipo kunsonga kwake mumange mwala kuti uzilendewera mmunsi mwa mtengo wopingasa popanda kukhudza pansi.

3. Imikani chidacho pa malo olimba, ndipo muike chizindikiro pansi pamene paponda mwendo uliwonse. Mwala ukasiya kugwedezeka, lembani kamzere pa mtengo wopingasa pamene chingwe chadutsa. Tsopano tembenuzani chida kuti mwendo wakumanja uponde pamene panali wakumanzere, wakumanzere uponde pamene panali wakumanja, ndipo lembaninso pamene chingwe chadutsa. Pakati penipeni pa timizere tiwirito temani ndi mpeni chizindikiro chooneka bwino. Chingwe chikaima pa chizindikiro chimenechi, ndiye kuti miyendo yonse iwiri yaponda pa msinkhu umodzi.

Chenjezo: anthu ambiri amalumpha ndime yachitatuyi, n'kungoyeza pakati pa mtengo wopingasa ndi tepi. Miyendo ikasiyana ngakhale ndi masentimita awiri okha, chidacho chimanama, moti zikhomo zoyandikana sizikhala pa msinkhu umodzi. Muzibwereza kuyesa kumeneku m'mawa uliwonse musanayambe ntchito, komanso chida chikagwa pansi.

Kuyendera munda ndi kukambirana ndi a kumtunda

4. Musanakhome chikhomo chilichonse, kwerani kumtunda kwenikweni kwa munda ndipo muone kumene madzi amalowera. Zizindikiro zake zimakhala zikuonekabe ngakhale m'chilimwe: mchenga wounjikana, mizu ya mitengo yotulukira kunja, timiyala tosiyidwa pamwamba, ndi mizere imene inaduka m'dzinja. Yang'anitsitsani njira za anthu ndi ziweto, malire a minda, ngalande yochokera ku msewu, ndi madzi otsika pa madenga a malata. Kawirikawiri madzi amene amawononga munda amakhala atasonkhana kale asanalowe m'mundamo.

5. Ngati kumtunda kwa munda wanu kuli munda wa munthu wina, kambiranani naye kuti ntchito iyambire kwa iye, ndipo ngati minda ndi yambiri pa phiri limodzi, nkhaniyi ipite kwa amfumu ndi kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti anthu ayezere pamodzi. Mzere umodzi wodutsa minda isanu pa msinkhu umodzi umalimba kuposa timizere tisanu tosalumikizana, chifukwa pa malire pamene mizere yasemphana ndi pamene madzi amabowola. Kukambirana kumeneku kumatenga nthawi ndipo nthawi zina kumadzutsa nkhani zakale za malire, komabe n'kosavuta poyerekeza ndi mlandu wa chimanga chokokoloka mu Febuluwale.

Kukhoma zikhomo

6. Mzere woyamba ukhale pafupi ndi malire a kumtunda, pa mtunda wosapitirira mamita 10 kuchokera pa malirewo. Khomani chikhomo choyamba kumbali kwa munda, ndipo muimike mwendo umodzi wa chida pafupi nacho. Sunthani mwendo winawo chokwera kapena chotsika mpaka chingwe chitaima pa chizindikiro, ndipo khomani chikhomo chachiwiri pamenepo. Kenako zungulitsani chida, mwendo wachiwiri usasunthe, ndipo woyamba upite patsogolo. Pitirizani motero mpaka kumapeto kwa munda.

Chenjezo: m'munda wokhala ndi mizere yakale, miyendo yonse iwiri iziponda pa malo ofanana, ndiye kuti yonse pakati pa mizere, osati wina pamwamba pa mzere pamene wina ali pansi. Pamene pali chulu, chitsa kapena dzenje, salazani kaye ndi khasu. Kukakhala mphepo, ngati mmene zimakhalira mwera ukamaomba mu Juni ndi Julaye, dikirani mwala ukhazikike musanawerenge, kapena gwirani ntchitoyi m'mamawa.

7. Mukafika kumapeto, bwererani ndipo muyang'ane zikhomo zonse. Chikhomo chimodzi kapena ziwiri zimene zatuluka kwambiri pa mzere chifukwa cha kadzenje kapena kachitunda mukhoza kuzisuntha pang'ono kuti mzere ukhote mofewa. Kuwongola mzere wonse kuti uoneke bwino ndiye kulakwitsa kwakukulu. Kalozera woyezedwa bwino amakhotakhota motsatira phiri, ndipo m'maso amaoneka ngati akukwera malo ena ngakhale sakukwera.

8. Kuti mupeze pamene padutse mzere wachiwiri, tsikani chafutambuyo kuchokera pa mzere woyamba mutayang'ana kumtunda, dzanja mutalitambasula kutsogolo pa msinkhu wa maso anu. Pamene nsonga za zala zaloza pansi penipeni pa chikhomo cha mzere woyamba, imani, ndipo pamenepo ndi poyambira mzere wachiwiri. Njira imeneyi imasiyanitsa mizere ndi msinkhu wa pafupifupi mita imodzi ndi theka. Pa malo otsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, akalozera adzatalikirana mamita 15, pamene pa malo otsika mita imodzi pa mamita asanu adzatalikirana mamita 7 ndi theka. Pa malo otsetsereka pang'ono njirayi ikhoza kukufikitsani patali kwambiri, choncho musapitirire mamita 20. M'nthaka ya mchenga, kapena pamene madzi ochokera kumtunda ndi ambiri, ndi bwino kufupikitsa mtunda kusiyana ndi kuutalikitsa.

Kuunga akalozera ndi kukonzanso mizere ya mbewu

9. Ungani mzere waukulu motsatira zikhomo, wotalika ndiponso wotambalala kuposa mizere wamba, pafupifupi theka la mita, ndipo muuponderere ndi mapazi kuti ulimbe. Zikhomo zikhale pakati pa mzerewo. Malizani kalozera wa kumtunda musanayambe wa kumunsi, chifukwa ngati mvula yoyamba ingakupezeni ntchito isanathe, mzere wa kumunsi wokhala wokha udzalandira madzi a munda wonse n'kuduka.

10. Phwanyani mizere yakale ya pakati pa akalozera awiri ndipo muunge yatsopano. Apa ndi pamene alimi ambiri amagwa ulesi: amaunga kalozera mwaluso, koma mizere ya chimanga amaisiya ikuloza kumunsi monga kale, moti madzi amatsetsereka pakati pa mizereyo n'kukagunda kalozera ndi mphamvu. Yambirani pa kalozera wa kumtunda n'kumatsika mpaka theka la malowo, mzere uliwonse ukutsata kukhota kwa kalozerayo, kenako yambirani pa wa kumunsi n'kumakwera. Popeza akalozera awiri satalikirana mofanana paliponse, pakati padzatsala mipata imene muyenera kuidzaza ndi mizere yaifupi yotseka kunsonga. Mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, monga mmene unduna wa zaulimi umalangizira.

11. Ikani ngonyeka pakati pa mizere, ndiye kuti timizere topingasa totseka njira ya madzi, pa mamita awiri alionse. Ngonyeka za mpata umodzi zisayang'anizane ndi za mpata wotsatira, koma zisemphane ngati njerwa pa khoma. Zikhale zofupikirapo kuposa mizere yeniyeni, kuti madzi akadzaza azilumpha ngonyeka n'kuyenda cham'mbali m'malo modula mzere. Ngonyeka zimathandiza kwambiri m'madera ouma monga Balaka ndi Neno, kumene mvula imadula kwa masabata awiri kapena atatu chimanga chili pa msinkhu wofuna madzi. M'nthaka ya makande ndi m'mphepete mwa dambo, mmene madzi amachedwa kulowa pansi, ngonyeka zikhoza kuchititsa chimanga kuchita chikasu, choncho kumeneko muzitsegula mvula ikachuluka.

12. Kwezani njira zodutsa m'munda ndi malire onse otsika ndi phiri kuti zikhale pamwamba pang'ono kuposa mizere, ndipo nsonga za mizere zilumikizane nazo. Njira yosakwezedwa imakumbika ndi mapazi chaka ndi chaka, imalandira madzi a mizere ya mbali zonse ziwiri, ndipo zigwembe zambiri zimene timaziona m'minda zinayamba ngati njira ya kumadzi kapena ya kutchalitchi.

Kubzala vetiva

Kalozera wa dothi lokha amaphwasuka pakapita zaka zochepa. Chimene chimamukhazikitsa ndi udzu, ndipo vetiva amaposa nsenjere pa ntchito imeneyi chifukwa mizu yake imalowa pansi molunjika mpaka mamita awiri kapena kupitirira, siyandira m'mbali kukalimbana ndi chimanga, ndipo ziweto siziukonda kwenikweni ukakhwima. Nsenjere ndi yabwino kwa mlimi wa ng'ombe za mkaka, koma imafuna kudulidwa pafupipafupi ndipo imamwa madzi a mizere yoyandikana nayo.

13. Dikirani mvula ikhazikike ndipo nthaka inyowe bwino, kawirikawiri mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale. Kumbani zitsa za vetiva pamodzi ndi mizu yake, dulani masamba kuti atsale masentimita 15 mpaka 20, mizu itsale pafupifupi masentimita 10, kenako gawani chitsacho m'timagulu ta mphukira zitatu kapena zinayi. Bzalani tsiku lomwelo. Ngati mbewu yachokera kutali, isungeni pa mthunzi mizu ili m'madzi kapena m'matope.

14. Kumbani kangalande kosaya motsatira kalozera, kumbali yake ya kumtunda, ndipo bzalani timaguluto motalikirana masentimita 10 mpaka 15, n'kutsindira dothi mwamphamvu. Pa mpata wa masentimita 10, mzere wa mamita 100 umafuna timagulu 1,000. Chiwerengerochi chimadabwitsa anthu ambiri, ndipo chifukwa mbewu imachepa, amayamba kubzala motalikirana theka la mita kuti ikwanire munda wonse. Zitsa zotalikirana choncho sizilumikizana msanga, ndipo madzi amapanikizika m'mipatamo n'kukumba timaenje kumunsi kwake. Mbewu ikachepa, malizani bwino mzere umodzi wa kumtunda, ndipo yotsalayo muichulukitse kudimba kuti mudzabzale chaka chamawa.

15. Pakatha masabata atatu kapena anayi yenderani mzere ndipo mubwezeretse paliponse pamene udzu wauma. Palirani m'mbali mwake chaka choyamba. Udzu ukakula, muziudula pa msinkhu wa masentimita 30 mpaka 50 kuti uchite mphukira zambiri ndiponso usaphimbe mbewu. Masamba odulidwawo ndi abwino kufolerera nyumba kapena kuphimbira nthaka.

Kutseka chigwembe chaching'ono

Malangizo a gawo lino ndi a chigwembe chosapitirira mita imodzi kuya kwake. Chachikulu kuposa pamenepo, kapena chimene chikulandira madzi a msewu, chimafuna mlangizi wa zosamalira nthaka ndi anthu a mudzi wonse.

16. Yambani mwachepetsa madzi olowa m'chigwembe pomaliza akalozera a kumtunda kwake. Kenako gumulani milomo yoimirira ya chigwembe kuti ikhale yotsetsereka, makamaka kumutu kumene chimakulira chobwerera kumtunda.

17. Mangani timadamu totchinga ta miyala, kapena ta zikhomo ziwiriziwiri zolowetsamo nthambi pakati. Zikhomo za mitengo yophuka ikazikidwa, monga gliricidia, zimakhalitsa chifukwa zimamera mizu. Kadamu kalikonse kasapitirire theka la mita kutalika, kalowe m'khoma la chigwembe mbali zonse ziwiri ndiponso pansi, ndipo pakati pake pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi azidutsa pamenepo. Kumunsi kwake yalani miyala kapena nthambi pamene madzi azigwera. Timadamu titalikirane motere: pamwamba pa ka kumunsi pakhale pa msinkhu umodzi ndi tsinde la ka kumtunda.

Chenjezo: cholinga cha kadamu ndi kuchepetsa liwiro la madzi kuti asiye dothi, choncho madzi ayenera kudutsa. Khoma lalitali lotsekeratu limadzaza, madzi amalizungulira m'mbali, ndipo chigwembe chimatambalala kuposa kale.

18. Dothi likayamba kuunjikana kuseri kwa timadamu, bzalanimo vetiva m'mizere yopingasa, ndipo m'mbali mubzale nthochi, nsenjere kapena nsungwi. Musalimemo chimanga ngakhale dothilo likuoneka lachonde.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusayendera munda mvula yamphamvu ikangotha. M'chaka choyamba akalozera amakhala asanalimbe, ndipo pamene pang'ambika pang'ono lero pamafuna makasu awiri kapena atatu a dothi, koma pakadutsa mvula ina iwiri pamafuna tsiku lathunthu. Pamene padukapo kawiri pa malo amodzimodzi, musangokwirira, koma bweretsani chida muyezenso, chifukwa mwina mzerewo unatsika pamenepo, kapena pali madzi ochokera kumtunda amene simunawaone.

China ndi kuwotcha mapesi. Moto wa osaka mbewa ndi wa osafuna kuvutika pososa umasiya nthaka yambulanda, ndipo madontho a mvula yoyamba amaimenya mwachindunji n'kutseka timabowo tolowera madzi. Mapesi ogonekedwa pakati pa mizere amachepetsa madzi othamanga asanafike n'komwe pa kalozera. Vetiva wokhwima amaphukanso akapsa, koma wa chaka choyamba akhoza kufa, choncho lambulani m'mbali mwa mzere nyengo ya moto isanafike. Mbuzi ndi ng'ombe zotayirira m'chilimwe nazonso zimagumula akalozera ndi ziboda ndiponso zimadya mphukira zanthete, ndipo nkhani imeneyi imatheka pokhapokha mudzi utagwirizana za kadyetsedwe ka ziweto.

Alipo alimi amene amasuntha kalozera chaka chilichonse pounga mizere yatsopano, kapena amamudya pang'onopang'ono ndi khasu kuti apeze malo a mzere umodzi woonjezera. Mizere ya mbewu imasuntha, koma kalozera amakhala pamalo pake mpaka kalekale. Pakapita zaka zingapo dothi loimitsidwa ndi vetiva limaunjikana kumtunda kwake, ndipo malo a pakati pa akalozera amayamba kusalala ngati masitepe.

Ena amataya madzi osefukira m'munda wa mnzawo wa kumunsi kapena mu njira ya anthu. Ngati munda umalandira madzi oposa amene ungamwe, payenera kukhala njira yotambalala yomera udzu yowatsitsira kumtsinje, ndipo njira imeneyo ikonzedwe ndi kumera udzu chaka chimodzi madzi asanalozedweko. M'mphepete mwa mtsinje momwemo siyani malo osalima okhala ndi bango, nsenjere ndi mitengo, chifukwa dimba lofika pa mlomo wa mtsinje limagumuka ndi madzi oyamba kusefukira, ndipo matope ake ndi omwe amakadzaza mtsinje wa Shire n'kusokoneza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani.

Cholakwika chomaliza ndi kuyembekezera kuti akalozera angateteze malo alionse. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali za mapiri ku Soche mu mzinda wa Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo kugumuka kwa mtundu umenewo kumachitika nthaka yonse ikakhuta madzi mpaka pa thanthwe. Pa malo otsetsereka kwambiri moti munthu amalima atagwira pansi ndi dzanja limodzi, kusunga madzi ambiri m'nthaka ndi ngonyeka kapena maenje kukhoza kuonjezera ngozi, makamaka ngati kumunsi kuli nyumba. Malo otero achotsedwe pa ulimi wa chimanga, zitsa za mitengo yachilengedwe zisiyidwe kuti ziphukenso, ndipo akalozera ayambire mmunsi mwake pamene phiri layamba kugona.